Bambo akumwa kachasu tsiku lililonse chimwalirireni mayi, tiwathandize bwanji tili kutali?

Funso: Bambo anga ali ndi zaka 68, anali aphunzitsi, anapuma ntchito ndipo amakhala kumudzi ku Ntcheu. Kale ankamwa mwa apo ndi apo koma chimwalirireni mayi zaka zitatu zapitazo akumwa kachasu tsiku lililonse, m'mawa manja amanjenjemera mpaka atalawako. Ali ndi BP. Ine ndili ku Joni, achimwene ali ku Lilongwe, timatumiza ndalama mwezi ndi mwezi. Tinawakalipira, abusa anawapempherera, anasiya masabata awiri n'kuyambiranso. Achimwene akuti tisiye kutumiza ndalama kapena tiwatengere ku Lilongwe tiziwatsekera kumpanda. Titani?

Yankho: Achemwali, pepani ndi imfa ya mayi. Tisanafike pa za ndalama ndi za ku Lilongwe ndiyambe ndi chimene chandidetsa nkhawa kwambiri mu uthenga wanu, kunjenjemera kwa m'mawa kuja. Zikutanthauza kuti thupi la bambo lazolowera mowa moti ukangosowa m'magazi limasokonekera, ndipo munthu wafika pamenepa sasiyitsidwa mowa lero ndi lero pakhomo popanda achipatala. Pakatha maola 6 mpaka 24 chimwereni komaliza amayamba kunjenjemera, thukuta, mseru, tulo osabwera, mtima kuthamanga. Ena amagwa ngati akhunyu tsiku loyamba kapena lachiwiri. Ndiye pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena mutu umasokonekera zedi, akuona njoka ndi tizilombo pakhoma, ana awo omwe osawazindikira, imeneyo ife achipatala timaitcha delirium tremens ndipo imapha, makamaka achikulire a BP ngati bambo anu. Kumudzi zikachitika anthu amathamangira kunena kuti awalodza, mwinanso n'kumunenera mkuluyo kuti ndi mfiti zake zamubwerera, nthawi yopita kuchipatala n'kumatha. Ndiye zowatsekera kumpanda zija muwauze achimwene kuti ayi, chonde. Masabata awiri aja mwina anadutsa bwinobwino koma musadalire zimenezo, munthu akamasiya n'kuyambiranso kangapo kusiya kotsatira kumatha kukhala koopsa kuposa koyamba.

Kuchipatala si kuti kuli zodabwitsa ayi. Amawapatsa mankhwala ngati diazepam n'kumawachepetsa pang'onopang'ono kwa masiku angapo, amawapatsa vitamini B1 yotchedwa thiamine yoteteza ubongo chifukwa anthu akumwa kwambiri sadya bwino ndipo vitamini imeneyi imawathera, amayeza BP, shuga ndi chiwindi. Yambirani pa chipatala cha boma cha pa Ntcheu, funsani anesi kapena a kilinikala oona za matenda a maganizo, iwo ndi amene angaone ngati n'zotheka kunyumba kapena agonekedwe. Zikavuta kuli Zomba Mental Hospital, kuli St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amene amathandiza anthu a vuto la mowa. Koma mawu oti Zomba musayambe nawo kwa bambo, adzamva ngati mukuwanena kuti apenga ndipo nkhani ithera pompo. Khomo losachititsa manyazi ndi la BP. Apite kukayezetsa BP monga mwa nthawi zonse, wina wa pabanja awaperekeze, ndipo adokotala auzidwe zoona zake, kuti amamwa kachasu tsiku ndi tsiku ndipo m'mawa amanjenjemera. Achikulire ambiri akafunsidwa amangoti ndimalawako pang'ono, adokotala n'kungowonjezera mapilitsi a BP osadziwa kuti chikukweza BP ndi mowa.

Mwina bambo adzakuuzani kuti ine ndamwa kuyambira kalekale, vuto lili pati. Vuto ndi loti thupi la zaka 68 lili ndi madzi ochepa kusiyana ndi la zaka 35, ndiye botolo lomwe lija limaledzeretsa kwambiri, miyendo nayo siigwira ngati kale, kugwa kamodzi fupa la m'chiuno lathyoka basi munthu wakhala wapamphasa. Komanso kachasu palibe amamuyeza mphamvu, wa lero ndi wa mawa sangafanane. Ndipo achikulire ambiri amamwa Brufen kapena aspirin chifukwa cha nyamakazi, zimenezi pamodzi ndi mowa zimatha kuyambitsa zilonda za m'mimba zotuluka magazi.

Tsopano za kuchipatalazo ndi za sabata imodzi. Chimene chidzawasunge miyezi ndi zaka zotsatira ndi anthu, ndipo apa ndi pamene mabanja ambiri amene ndakhala nawo amasochera, amalimbana ndi botolo osafunsa kuti botololo likuwapatsa chiyani bambo. Tangoganizani tsiku lawo. Zaka zonse zija ankadzuka kuli belu, ana mazanamazana akuti mwadzuka bwanji aphunzitsi, madzulo mayi alipo pakhomo. Ntchito inatha, mayi anapita, ana muli Joni ndi Lilongwe. Akadzuka m'mawa ndani amawalankhula? Koma akafika pa kachasu paja anthu amawapatsa mpando, aphunzitsi afika, amawafunsa za ndale, za mpira, wina awerengereni kalata iyi. Pamalo pamene inu mukupaona ngati manda awo, kwa iwo ndi malo okhawo atsala amene munthu amawayembekezera. Mukangowachotsa pamenepo osawapatsa anthu ena zili ngati kuzula mzati wa nyumba osaikapo wina, ndiye chifukwa chake atasiya masabata awiri anabwerera, anakhala masiku 14 pakhonde okhaokha akuyang'ana nkhuku.

Chinthu chimodzi chikulimbikitseni mtima. Mwa achikulire amene ali ndi vuto la mowa, pafupifupi mmodzi mwa atatu vutolo amaliyamba atakula kale, kawirikawiri pambuyo pa imfa ya mnzawo, kupuma ntchito kapena matenda, ndipo amenewa akapeza thandizo amachira bwino, nthawi zambiri kuposa amene anayamba uchidakwa ali anyamata. Bambo anu akhala zaka zoposa 60 ali munthu wodzisunga, luso lokhala opanda kachasu ali nalo kale.

Ku California, Rudolf Moos ndi anzake anatsatira anthu amene anali a zaka 55 mpaka 65 kwa zaka 20, ndipo china chimene anapeza n'choti amene anzawo amavomereza kumwa ndi amene ankapitiriza kumwa mopyola muyezo. Ndiye nkhani si kuchuluka kwa anzawo, bambo pano anzawo ali nawo ambiri ndithu, koma onse amawadziwira pa botolo. Chofunika ndi munthu olo mmodzi wa msinkhu wawo, amene samwa, amene bambo amamulemekeza, woti azionana nawo pafupipafupi. Mphunzitsi mnzawo wopuma, mkulu wa mpingo, bola kwambiri akakhala woti nayenso anamwapo n'kusiya chifukwa ameneyo sangawanyoze ndipo sangapusitsidwe. Gulu la Alcoholics Anonymous linayamba choncho mu 1935 ku Akron, Ohio, amuna awiri, Bill Wilson ndi Dr Bob Smith, onse ovutika ndi mowa, atapeza kuti akamalankhulana amatha kudutsa tsiku osamwa. Mu 2020 bungwe la Cochrane litaunika kafukufuku wambiri linapeza kuti njira yolumikiza anthu ku magulu amenewa imathandiza kusiyiratu mowa mofanana kapenanso kuposa njira zina za uphungu. Kumudzi ku Ntcheu gulu lotero simungalipeze pafupi, koma chimene chimagwira ntchito m'magulumo, kukhala ndi anthu osamwa amene amakudikirira tsiku lodziwika, mukhoza kuchipanga nokha. Ndipo akhale a msinkhu wawo, mkulu wa zaka 68 sangamasuke kuulula manyazi ake pamaso pa anyamata amene mwina anawaphunzitsa Sitandade 5.

Ndiye ntchito yanu yoyamba ili pa foni pompo. Khalani ndi achimwene mulembe mayina a anthu amene bambo ankagwirizana nawo mayi ali moyo. Mudzaona kuti ambiri anasiya kubwera, osati chifukwa cha nkhanza koma pakhomo popanda mayi alendo amachepa, amene ankalandira anthu, kuphika, kukumbutsa za maliro ndi maukwati anali mayi. Muwaimbire mmodzimmodzi, ndipo musangoti muziwayendera bambo, zimenezo aliyense amavomera n'kuiwala. Pemphani chinthu chodziwika, Lachiwiri ndi Lachisanu masana muzibwera mudzasewere nawo bawo, Lamlungu muziwadutsira popita kutchalitchi. Ndipo funsani kuti kodi bambo amanyamuka nthawi yanji kupita kokamwa, ngati ndi 10 koloko m'mawa ndiye mnzawoyo afike 9, chibaba cha mowa chimabwera ndi nthawi yake ndipo chimatsika chokha munthu akatanganidwa.

Pali funso lina limene simunanene koma ndi lalikulu kwathu kuno. Bambo akukhala kwawo kobadwira kapena kuchikamwini? Chifukwa ngati ndi mudzi wa mayi, mwamuna mkazi wake akamwalira amatha kusanduka mlendo pamudzi pamene wakhalapo zaka 40, munda si wake, pa zokambirana za mbumba samuitana, ena mwinanso akumuonetsa kuti nthawi yobwerera kwawo inakwana. Amuna ambiri sanena zimenezi kwa ana awo. Ngati zili choncho lankhulani ndi amalume anu, eni mbumba, anene poyera kuti bambo ndi apamudzi pano ndipo munda azilima, mawu amenewo akhoza kuchita zambiri kuposa malangizo anga onse. Ngati ali kwawo, fufuzani alongo awo, azakhali anu, nthawi zambiri mwamuna wachikulire amamvera mlongo wake kuposa mwana wake.

Chachiwiri chimene ndimachiona chikugwira ntchito ndi kuwapatsa choti azichita chimene anthu ena akuchidalira. Kuthandizidwa kokhakokha kumamutsitsa munthu amene moyo wake wonse ndiye ankathandiza ena. Awa ndi aphunzitsi. Pamudzipo pali ana a Sitandade 8 amene masamu akuwavuta, pali sukulu ya kwacha, pali komiti ya pasukulu, pali banki m'khonde yofuna mlembi wodziwa kulemba bwino, olo ndalama zenizenizo asunge wina pakadali pano. Ku Harare dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench mu 2006, anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi pa kilinika kumvetsera anthu a nkhawa, ndipo zinathandiza odwala mpaka njirayi inafalikira kumayiko ena. Achikulire ali ndi zambiri zoti apereke. Munthu amene ana asanu akumudikirira 2 koloko ndi makope ali ndi chifukwa chosamwera m'mawa chimene inu simungamupatse pa foni. Zichitikire poonekera, pasukulu kapena patchalitchi pali akuluakulu ena, ndipo tsiku limene alawa kalasi isachitike.

Za kukalipira. Ndikumvetsa, mtima umawawa kumva kuti bambo ako anagona m'mbali mwa msewu. Koma kukalipira kumangowonjezera manyazi ndipo manyaziwo amakawathetsera ku kachasu komweko. Pali njira ina yotchedwa CRAFT imene anaikonza Robert Meyers ku University of New Mexico, yophunzitsa achibale mmene angachitire ndi munthu wokana thandizo. Mu kafukufuku wa 1999, mabanja amene anaphunzira njirayi 64 pa 100 alionse anakwanitsa kumufikitsa m'bale wawo ku chithandizo, pamene amene anakonzekera kumukhalira bwalo n'kumupanikiza anali 30 pa 100. Mfundo yake ndi yosavuta kuimva koma imafuna kupirira. Nkhani ya mowa muzikamba ali bwinobwino, osati ataledzera. Mukaimba n'kupeza sanamwe chezani nthawi yaitali, zidzukulu zilankhule nawo, afunseni nzeru pa nkhani zanu, amve kukoma kwa kukhala osaledzera. Mukapeza aledzera musakangane, mungoti bambo ndikumva kuti mwamwa, ndiimbanso mawa m'mawa, n'kudula, ndipo mawa m'mawa muimbedi. Polankhula nenani za mtima wanu, bambo ine ndikuopa, mayi tinawataya, sindikufuna kulandira foni ina usiku. Mawu oti chidakwa, mukutichititsa manyazi, mayi akanakhalapo akanati chiyani, amenewo asiyeni. Ndipo sankhani tsiku ndi nthawi yoimbira yosasintha, azidziwa kuti Lachitatu ndi Loweruka m'mawa mwana wanga aimba, mphindi khumi zodalirika zimaposa ola lathunthu la mwadzidzidzi.

Pa ndalama ine sindikugwirizana ndi achimwene. Mukadula kachasu sasiya, ndi wotchipa, amakongoza, ndipo penshoni ali nayo yawo, ikatha adzagulitsa chimanga, nkhuku, feteleza. Chimene chidzathe ndi chakudya, ndipo mkulu womwa osadya ndi amene ubongo umawonongeka msanga. Koma kutumiza ndalama zambiri nthawi imodzi pa foni yawo nakonso ndi kuwaika pa mayesero. Sinthani katumizidwe. Lipirani kugolosale mwachindunji pa Airtel Money kapena Mpamba azikatenga sopo, shuga, mafuta, usipa, ina ipite kwa amene amawaphikira, ya transipoti ya kuchipatala kwa amene amawaperekeza. Auzeni bambo poyera kuti mwasintha ndi chifukwa chake, osawachita mobisa, akadzazindikira okha adzasiya kukukhulupirirani. Khadi lawo la kubanki musalande mokakamiza, ndi thukuta lawo, koma mukhoza kugwirizana kuti tsiku lolandira penshoni azipita ndi munthu agule zofunika kaye, chifukwa kumapeto kwa mwezi ndi pamene anzawo a pa botolo amachuluka.

Kuwasamutsira ku Lilongwe, kwa masabata ochepa pamene akulandira chithandizo, iwo atavomera, zili bwino. Koma kukhaliratu ndikukayika kwambiri. Achimwene ndi alamu amapita kuntchito m'mawa, ana kusukulu, bambo n'kutsala kumpanda ndi TV, alibe munda, alibe wowadziwa, manda a mayi ali kutali, ndipo mowa m'tauni uli pa kona iliyonse. Kusungulumwa kumene kunawayambitsa kumwa mudzakhala mwakuwonjezera.

Za mpingo. Pemphero ndi labwino ndipo musalisiye, koma lisathere pa tsiku limodzi lowasanjika manja. Funsani abusa kuti kodi bambo anadulidwa? Ngati anadulidwa ndiye khomo lina latsekeka pamene amafunika kwambiri anthu. Pemphani kuti akulu a mpingo kapena a mphakati aziwayendera ngati mmene amayendera odwala, chifukwa awa akudwaladi, ndipo gulu la abambo liziwatenga pa zochitika zawo olo asanasiyiretu. Akadikira kuti ayambe asiya ndiye awalandire, dziwani kuti a pa kachasu paja sadikira, amawalandira mmene alili.

Ndiye pali maliro a mayi amene mwina bambo sanawalire. Pa maliro athu amayi amalira m'nyumba masiku angapo ali ndi anzawo, mwamuna amakhala panja, limbani mtima bambo, mwambo ukatha aliyense kwawo. Kodi alipo anakhalapo nawo pansi kukamba za mayi? Inu yambani, afunseni mmene anakumanirana, akalira musadule nkhani. Ngati chiliza simunamange akhale iwo otsogolera ntchitoyo. Ndipo tcherani khutu, akamati ndatopa nawo moyo, bola ndiwatsatire amayi anu, kapena ayamba kugawa katundu wawo, afunseni mosazungulira ngati akuganiza zodzipha, kufunsa sikumuika munthu maganizo amenewo. Akavomera, tameki ndi mankhwala a m'munda zichoke pakhomo, asagone okha, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Mowa ndi matenda a nkhawa zimayendera limodzi, ena akasiya mowa masabata angapo mtima umapepuka wokha, ena amafunika chithandizo chapadera, achipatala adzaona.

Akadzayambiranso, ndipo zikhoza kuchitika, musatenge ngati zonse zapita m'madzi. Funsani kuti chinachitika n'chiyani tsiku limenelo. Nthawi zambiri ndi pa maliro, pa ukwati, pa Khirisimasi, tsiku limene mayi anamwalira, kapena zochitika za Angoni kumene chipanda chikuzungulira ndipo kukana kumaoneka ngati mwano. Masiku amenewa amadziwika kale, ndiye konzekeranitu, mnzawo wosamwa uja akhale pambali pawo, m'manja mukhale thobwa kapena Fanta, ndipo akhale ndi yankho lokonzeka, adokotala anandiletsa chifukwa cha BP, limene ndi loona ndipo palibe amatsutsa.

Musaiwale amene ali pakhomopo. Ngati pali mdzukulu amene amakhala nawo, asatumidwe kukagula kachasu ndipo musamusandutse kazitape wanu, ndi mwana. Ngati bambo akaledzera amachita nkhanza, mwanayo ayambe wachotsedwa kaye zina pambuyo. Amene amawaphikira ndi kuwachapira nayenso amatopa, muzimufunsa za iye mwini, azipeza tsiku lopuma. Inunso achemwali, kukhala ku Joni si mlandu, ndalama zimene mukutumiza ndi zimene zikuwadyetsa. Gulu la Al-Anon linayamba mu 1951 chifukwa choti achibale a anthu omwa nawonso amadwala nkhawa, ndipo ku Johannesburg misonkhano yawo imachitika, kapiteniko mukamve anzanu. Pangani kagulupu ka WhatsApp ka anthu ochepa, inu, achimwene, azakhali kapena amalume ndi mnzawo wa bambo uja, kuti muzinena chimodzi, chifukwa wina akamadula ndalama wina akutumiza mobisa palibe chingayende.

Bambo akakana kupita kuchipatala ulendo woyamba musawakakamize ndipo musawabisire mowa, pitirizani zina zonsezi n'kudzafunsanso tsiku lina ali bwino, makamaka m'mawa umene adzuka ndi matsire akudandaula okha. Koma onse a pakhomo adziwe zimene sizidikira chilolezo cha munthu, akagwa ngati akhunyu, akayamba kubwebweta kapena kuona zinthu zoti palibe, akasanza magazi kapena chimbudzi chakuda bii, maso akachita chikasu, akagwa n'kumenyetsa mutu olo akuoneka ngati angoledzera, kapena mbali imodzi ya thupi ikafooka, ndi kuchipatala nthawi yomweyo. Pezanitu nambala ya wa galimoto kapena wa njinga yamoto wa pafupi amene angadzuke usiku, ndipo ndalama ya ulendo umenewo ikhale kwa azakhali kuyambira sabata ino.